Njerwa zootcha, mabuloko kapena SSB (njerwa zadothi zosaotcha), holo yathu timangire chani?

A m'makomiti a sukulu ndi a mipingo nkhani iyi imakuvutani kwabasi ndiye ndati ndiponyepo maganizo anga.

Njerwa zootcha poyamba zimaoneka zotchipa, anyamata aumba kudambo ndi chikombole, mwapanga uvuni basi. Koma uvuni sufuna tinthambi, umafuna zipika zenizeni, nchifukwa chake ena afika pogwetsa ndi mango omwe. Komanso njerwa zake sizifanana, ina yapsa bwino ina yaiwisi ina yokhota, ndiye mmisiri amadya simenti yambiri powongola khoma kenako pulasitala wokhuthala pamwamba, ndalama mumati mwapulumutsa ija yathera pomwepo. Paja kuyambira 2018 malamulo a NCIC, bungwe loyang'anira zomangamanga, anakaniza njerwazi pa zomanga za boma.

Mabuloko a simenti khoma limakwera mwachangu komanso lowongoka, vuto ndi mtengo wa simenti basi, ndiponso oumba ena amachulutsa mchenga, buloko kungoigwetsa pang'ono yamwazika ngati chigumu.

Ine mtima wanga uli pa SSB. Ndi dothi losefa bwino losakaniza ndi simenti pang'ono, pa 100 paliponse simenti ndi 5 mpaka 10, nkulipanikiza pa makina a manja, osaotcha ayi, mumangozifunditsa pulasitiki nkumazithirira pafupifupi masabata anayi. Khoma lake limachedwa kutentha ndiye masana mkati mumakhala mozizirira, ndipo likamangidwa mwaluso pulasitala safunika. Amene mumadutsa ku Kasungu kaoneni malo odikirira amayi oyembekezera pachipatala chaboma paja, a bungwe lojambula mapulani a nyumba la MASS Design Group anamanga ndi njerwa zoterezi mu 2015. Koma nazonso zili ndi nkhani zake, dothi la makande silichita bwino chifukwa limang'aluka, makina ndi obwereka, ndipo mvula ikamamenya khoma chaka ndi chaka limayamba kudyeka mmunsi, ndiye maziko akwere ndipo denga lituluke kunja ngati khonde.

Chimene timaiwala ndi denga. Mutha kukangana za njerwa mpaka dzuwa kulowa koma mukakhoma malata pafupi ndi mitu ya anthu opanda siling'i, timazenera tiwiri mbali imodzi, mu Okutobala holoyo ndi uvuni wina, pamsonkhano azimayi kumangodzipepesa ndi chitenje. Katswiri wojambula mapulani a nyumba Francis Kéré pomanga sukulu ya kwawo ku Gando ku Burkina Faso mu 2001 anaika siling'i ya njerwa zadothi, malata nkuwakweza mmwamba pa zitsulo kusiya mpata woti mpweya wotentha uzitulukira, popanda fani olo imodzi. Ifenso mpata umenewo sungatikanike, kuphatikiza mazenera oyang'anizana kuti mphepo izidutsa komanso masana musamayatse magetsi. Sola mugule pomaliza ndalama ikatsala, ya mababu a LED ausiku ndi kutchajira mafoni.