Ukonde, botolo kapena ndowa: poyeza timapulasitiki m'madzi tisankhe chiti?

Tsiku limene tinakoka ukonde koyamba pa Chilwa, sunathe ngakhale mphindi zisanu usanatsekeke. Tinanyamuka pa doko la Kachulu m'mamawa kulowera cha ku chilumba cha Chisi, ukonde titaumangirira pansungwi m'mbali mwa boti kuti usamwe madzi ovundulidwa ndi injini. Posakhalitsa madzi anayamba kubwerera pakamwa pa ukondewo m'malo molowa. Titaukweza tinapeza kathumba ka kumapeto katadzaza ndere ndi matope, nsalu yonse ili noninoni. Bambo amene ankayendetsa botilo anaugwira, nkuufinya pang'ono, kenako anati: "Achimwene, madzi anowa ndi phala. Sefa yanuyi ndi ya ufa."

Ananena zoona, ndipo kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikuyerekeza njira zitatu zimene anzathu ambiri amafunsa akafuna kuyamba ntchitoyi: ukonde wokoka, botolo lotungira, ndi ndowa kapena pampu yothira madzi pasefa. Zimene tikusakazo ndi tizidutswa ta pulasitiki tosapitirira mamilimita 5, kuchokera ku majumbo ofumbutuka ndi dzuwa, zigubu, zingwe, maukonde ndi zovala. Kunyanja zamchere anthu anayamba kale kutiona. Mu 1972 Edward Carpenter ndi mnzake analengeza kuti anatipeza tikuyandama pa Sargasso Sea, m'nyanja ya Atlantic, ndipo mu 2004 Richard Thompson wa ku Plymouth ndi anzake ndi amene anatchukitsa dzina lakuti microplastics, limene dziko lonse likugwiritsa ntchito lero. Choncho zida zambiri anazipangira madzi akuya, oyera ndi otakasuka a kumeneko. Ife tikamazitenga kubwera nazo ku mtsinje wa Likangala kapena ku Chilwa tiyenera kukumbukira zimenezi.

Ukonde wotchuka ndi uja amautcha manta, chifukwa uli ndi mapiko awiri oyandamitsa ngati nsomba ya dzina lomwelo. Kamwa lake ndi lachitsulo, ndipo mabowo a nsalu yake nthawi zambiri amakhala maikiloni 333, kutanthauza gawo limodzi mwa magawo atatu a milimita. Boti limaukoka pang'onopang'ono, liwiro la munthu woyenda ndawala, uku ukusefa madzi apamwamba okhaokha. Mphamvu yake ndi kuchuluka kwa madzi amene umasefa. Tiyerekeze kuti kamwa lake ndi masentimita 60 m'lifupi, lamira masentimita 10, ndipo mwaukoka kilomita imodzi: mwasefa malita 60,000. Palibe munthu angatunge madzi otere ndi manja. Tizidutswa tikuluko timayandama motalikirana, tina pano tina uko, ndiye amene wasesa dera lalikulu ndi amene amatipeza. Ubwino wina ndi wakuti maiko ambiri akhala akugwiritsa ntchito ukonde womwewu kwa zaka zambiri, moti zotsatira zanu mungathe kuziika pambali pa za anzanu. Chiwerengero chotchuka chija cha Marcus Eriksen ndi anzake cha mu 2014, chakuti panyanja zamchere pakuyandama zidutswa za pulasitiki zoposa 5 thililiyoni zolemera matani oposa 250,000, mbali yaikulu chinachokera ku maukonde otere.

Vuto lake lili pa mabowo omwewo. Kaulusi kothothoka ku juzi ya poliyesita nkoonda kuposa tsitsi, ndipo kakalunjika bwino kamadutsa pabowo la maikiloni 333 ngati ulusi pa singano. Pa kafukufuku amene anatuluka mu 2020, Penelope Lindeque ndi anzake anakoka maukonde a mabowo osiyana pamodzi, ndipo anapeza kuti wa maikiloni 100 unagwira tizidutswa tochuluka kawiri ndi theka kuposa wa 333, komanso kakhumi kuposa wa 500. Madzi ake omwewo, tsiku lake lomwelo. Kukakhala mphepo, mafunde amakankhira tizidutswa pansi pa kamwa la ukonde, ndiye tsiku la mwera mumawerenga tochepa ngakhale pulasitikiyo sanapite kulikonse. Onjezani mtengo wa ukondewo, kachipangizo koyeza madzi odutsa, mafuta a boti, ndi kutsekeka kuja. Ukonde ukatsekeka simudziwanso kuti mwasefa malita angati, ndipo chiwerengero chopanda malita ake nchopanda ntchito.

Botolo ndi njira ya aliyense. Mutenga botolo lagalasi kapena lachitsulo la lita imodzi, mulitsuka katatu ndi madzi a pamalopo, mutunga pamwamba, mutseka lisanatuluke m'madzi. Ku labu musefa madziwo pakapepala kosefera ka mabowo osaoneka ndi maso, ndipo chilichonse chimatsalira pamenepo, ngakhale tiulusi tija timapulumuka pa ukonde. Abigail Barrows ndi anzake atayerekeza njira ziwirizi kugombe la Maine ku America, pa kafukufuku amene anatuluka mu 2017, botolo linaonetsa tizidutswa tochuluka kuposa ka 1,000 pa mlingo wofanana wa madzi. Munthu akamva zimenezi amafulumira kunena kuti basi, botolo lapambana. Ine sindinena choncho, ndipo chifukwa chake ndinachiona ndi maso anga.

Ndinatunga mabotolo asanu ndi limodzi mu Likangala, kumunsi kwa tauni ya Zomba, miyezi yozizira. Nditasefa nkuika pa maikulosikopu, pepala lililonse linali ndi tiulusi tabuluu, tina topindika ngati mbedza. Mtima unagunda, ndinaona ngati ndatulukira chinthu chachikulu. Mwamwayi ndinali nditasefanso botolo lina la madzi oyera a mu labu, limene silinapite kumtsinje nkomwe, longoyesera ngati ntchito yanga inali yaukhondo. Nalonso linali ndi tiulusi tomweto tinayi. Ndinayang'ana mkono wanga: juzi yabuluu imene ndinavala chifukwa cha chisanu cha kuphiri. Ntchito ya sabata yonse inathera pomwepo, ndipo zinandipweteka kwambiri.

Masamu ake ndi awa. Kaulusi kamodzi kogwera mu lita imodzi, mukakawerengera pa malita 1,000 monga timachitira pofuna kufananiza ndi ukonde, kamasanduka tiulusi 1,000. Kaulusi komweko kakagwera mu zimene mwasefa pa malita 60,000, sikasintha kanthu. Botolo limakuza cholakwa chilichonse. Limakuzanso mwayi: mutunge pano mupeza tiwiri, musunthe mapazi atatu mupeza khumi. Ndiye amene wasankha botolo atunge ambiri pamalo amodzi, avale zathonje, avindikire chilichonse ndi galasi kapena foyilo, ndipo mabotolo oyesera aja asawaiwale ngakhale tsiku limodzi.

Pakati pa ziwirizi pali ndowa ndi sefa. Amene ali ndi ndalama amagula pampu ya batire yokoka madzi kudzera pamasefa achitsulo osanjikizana, ndipo kamita kake kamawauza malita enieni. Ena a ife timagwiritsa ntchito ndowa yachitsulo ya malita 10: kutunga kakhumi, malita 100, nkumathira pasefa ya mamilimita 5 pamwamba, ya maikiloni 300 pakati, ya 100 kapena 50 pansi. Msana umauma, makamaka utaima m'matope. Koma sefa ikayamba kutsekeka umaiona, umaitsukira m'botolo lagalasi nkupitiriza, ndipo malita ako sasokonekera. Chimene ndimaikondera kwambiri ndi sefa yapakati ija, chifukwa zimene yagwira zimayandikana ndi za manta, pamene yapansi imakupatsa tating'ono timene manta amataya. Ndowa ya pulasitiki ayi, paipi yakale yofumbutuka ayi, ndipo neti ya udzudzu musaiyese sefa: mabowo ake ndi aakulu, komanso iyo yomwe ndi pulasitiki. Kufooka kwa njirayi nkwakuti imaima malo amodzi, ndiye tizidutswa tikuluko tosowa tija ingathe kutiphonya.

Mukafika ku labu njira zonse zimakumana, ndipo apa mpamene ambiri timagwa. Ndere ndi tizilombo ta m'madzi timazisungunula ndi mankhwala otchedwa hydrogen peroxide. Matope timawalekanitsa ndi madzi amchere wambiri, amene amayandamitsa pulasitiki wopepuka wa majumbo ndi zivindikiro, koma wolemera ngati wa mabotolo a zakumwa ndi mapaipi amamira pamodzi ndi mchenga. Maso okha amanama, poti ulusi wa thonje wonyikidwa mu utoto umaoneka ngati nayiloni. Singano yotentha imathandiza pa tikuluko, chifukwa pulasitiki amapindika kapena kusungunuka ikamuyandikira. Chitsimikizo chenicheni chimafuna makina a FTIR kapena Raman, amene amazindikira mtundu wa pulasitiki pogwiritsa ntchito kuwala, choncho sungani tina mwa tizidutswa tanu bwinobwino kuti mwayi wotumiza ukapezeka mukhale nato.

Nanga kuno kwathu? Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Zimene Likangala, Domasi, Thondwe ndi Phalombe zabweretsa zimakhala momwemo, m'nyanja yosaya imene mphepo imaivundula mpaka pansi, ndipo inaphwa mu 1968 ndi mu 1995. Ndi malo otetezedwa pansi pa pangano la maiko loteteza madambo lotchedwa Ramsar, ndiponso matemba ake timadya athunthu, mutu ndi matumbo omwe. Boma linaletsa majumbo opyapyala osafika maikiloni 60 mu 2015, khoti lalikulu la apilo nkugwirizana ndi chiletsocho mu 2019, koma aliyense wodutsa pamlatho wa Likangala mvula yoyamba ikagwa amaona zimene madzi anyamula. Tikufunika manambala athuathu, otengedwa chaka ndi chaka mwa njira imodzi, kuti tidziwe ngati zikuchepa kapena zikuchuluka.

Pa ntchito imeneyo ine ndasankha ndowa ndi masefa atatu, kuwonjezapo mabotolo angapo pamalo aliwonse chifukwa cha tiulusi. Manta ndingamutengere ku Nyanja ya Malawi, cha ku Mangochi kapena Monkey Bay, kumene madzi ndi oyera ndipo boti lingayende kilomita osakodwa m'mabango. Chimene ndikupempha anzanga nchakuti polemba zotsatira muzitchula kukula kwa mabowo a sefa, malita amene munasefa, mphepo ya tsikulo, ndi zimene munapeza m'botolo loyesera. Mwezi wamawa tikubwerera ku Kachulu ndi ndowa ziwiri, ndipo tidzayambira pamene Likangala amathira m'nyanja.