Miyezi 9 ndi njinga ya tayala limodzi: buleki ndinkainyoza ija ndiyo yandisungira mawondo

Nditangoilandira njingayi mu Meyi ndinkauza aliyense kuti buleki yake ndi yongokongoletsa. Mawu amenewo ndawabweza. Pano tili mu Febuluwale, yadutsa m'fumbi la Okutobala ndi m'matope a Januwale, ndiye ndikhoza kunena zimene ndaona ndi maso.

Kwa inu amene simunaionepo: ndi tayala limodzi basi, la mainchesi 26, lonenepa mainchesi 3, chishalo pamwamba, mapedulo olumikizidwa ku habu. Tcheni palibe, handulo palibe. Tayala likazungulira, miyendo nayonso izungulire, ufune usafune. Eni ake amaitcha muni, chidule cha mountain unicycle, kutanthauza njinga ya tayala limodzi ya kumapiri, ndipo amene anatchukitsa masewerawa ndi Kris Holm wa ku Canada, yemwe ankatsika nayo m'tinjira toopsa ta ku North Shore, ku Vancouver. Yangayi anandigulira msuweni wanga ku Johannesburg, inabwera pabasi ili m'katoni.

Pa njinga wamba ukafika pamtsetse umasiya kupalasa n'kumapuma. Apa mtsetse ndiye ntchito. Ulendo wanga woyamba ku phiri la Bunda, pathanthwe lija amadutsa anthu opita kokapemphera, ndinkaletsa tayala ndi miyendo yokha. Masiku atatu otsatira ndinkatsika masitepe a kuntchito cham'mbali ngati nkhanu. Buleki yake ndi ya disiki, chokokera chili kunsi kwa chishalo chakutsogolo, umakoka ndi chala chimodzi dzanja lomwelo litagwira chishalo. Chovuta n'chakuti ukakoka mwaukali tayala limaima, iwe n'kupitirira wekha. Ndinagwa chafufumimba kangapo ndisanazindikire kuti umayamba wakankhira chiuno kumbuyo, kenako kukoka pang'onopang'ono osasiya, miyendo izingowongolera liwiro. Zinanditengera miyezi iwiri. Lero malo omwewo ndimatsika mawondo osadandaula, ndipo munthu akandifunsa ngati angagule yopanda buleki kuti apulumutseko ndalama, ndimamuuza kuti agule ngati akufuna kumangozungulira ku Area 25. Kumapiri ayi.

Makalanki ake, zitsulo zolumikiza mapedulo ku habu, ali ndi mabowo awiri omangapo pedulo, pa mamilimita 137 ndi 165. Bowo lakutali limapatsa mphamvu pokwera, koma pedulo imatsika kwambiri n'kumagunda miyala. Buleki nditaizolowera ndinasamukira pa 137, ndipo sindinabwererenso.

Tayala ndiye sipuling'i yokhayo imene ili pa njingayi. Ndimapopa mpweya mpaka geji ifike pafupifupi 18 psi. Ukapopa gwa ngati la kabaza umadumphadumpha pamiyala ngati chitete, ukachepetsa kwambiri limu imatsina chubu. Ndinapezanso kuti limatha malo awiri okha moyang'anizana, chifukwa nthawi zonse umakhota mapedulo ali pamalo amodzimodzi. Mankhwala ake n'kuphwetsa, kulizunguza pang'ono pa limu, n'kupopanso. Machubu a 26 ali mbwee mumsika, n'chifukwa chake sindinong'oneza bondo kuti sindinatenge ya 27.5 kapena 29. Koma tayala lonenepa chonchi ndafunsa m'mashopu angapo mu Lilongwe muno osalipeza, ndipo langali mano ayamba kutha.

Ku Dzalanyama ndinapitako kanayi. Tinjira ta anthu a makala tili ndi ngalande yopapatiza pakati, tayala likalowamo silimva za iwe. Nthawi ya mvula dothi lofiira limamata pakati pa tayala ndi felemu mpaka kuima, umayenda ndi kamtengo kokokolera. Bambo wina atakankha matumba atatu anaima n'kundiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Achimwene, theka linalo anakulandani angongole?" Funso limeneli ndalimva m'njira zambiri, koma iwowa anapambana onse.

Chimene chinanditayitsa nthawi si njingayo ayi. Sipoko itaduka ndinapita nayo kwa wokonza njinga wina pansi pa mtengo, ntchito anaigwira bwino, koma pobwezera tayala analitembenuza, kalanki ya kumanzere n'kukhala kumanja. Mapedulo anayamba kudzimasula okha ndikuyenda. Ndinamanga kawiri ndisanaone zilembo L ndi R zosonyeza kumanzere ndi kumanja. Mukaipereka kwa munthu, imani pomwepo. Kupatula apo, mabawuti a makalanki amafuna kuwakhwimitsa pakapita milungu ingapo, basi. Mabeling'i sanayambe kulira.

Chishalo chimapweteka ukadutsa ola limodzi, palibe chobisa. Mapedulo ali ndi timisomali togwira nsapato, ndipo phazi likaterereka timisomali tomweto timakhadzula msongolo. Zotchinga miyendo ndi magolovesi ndinagula mochedwa, zipsera zilipo. Chipewa choteteza mutu ndiye sindichoka pakhomo popanda.

Ku Nkhoma yandigonjetsa. Kumunsi, kuyambira kumishoni kudutsa m'minda, ndimakwera bwinobwino, koma pamene payambira miyala ikuluikulu ndimaiponya paphewa, mwayi wake ndi yopepuka, makilogalamu pafupifupi 7. Potsika pali kachigawo kamodzi kamene ndayesa kasanu, kasanu konse ndinatsala ndili chiimire njinga ikugubuduka yokha kulowa m'tchire. Ndikudikira mvula ithe mu Epulo, thanthwe liume, ndipo msuweni ndamutumizira kale uthenga wa tayala.