Coticule pa lumo la chitsulo cholimba: mwala womalizira, osati woyambira

Mwala wonolera wachilengedwe wotchedwa coticule ndaugwiritsa ntchito mokwanira kuti ndinene maganizo anga mosakayika. Pa lumo lometera ndevu lopinda, lija limatsekekera m'chigwiriro chake, la chitsulo cholimba, mwalawu umasiya kuthwa kofatsa komwe khungu langa limakulandira bwino kuposa kwa mwala wina uliwonse umene ndinanolerapo. Koma ntchito yake ndi yomalizitsa. Amene akufuna kugula mwala umodzi wokhawu kuti adzutsire lumo lobunthiratu adziwiretu kuti dzuwa lidzamulowera akadali pamwalapo.

Wanga ndi wa masentimita 15 m'litali ndi 4 m'lifupi, wachikasu chotuwirako. Kunsi kwake anamatako mwala wina wakuda kuti usathyoke, chifukwa wachikasuwo ndi wopyapyala. Unabwera ndi kamwala kena kakang'ono ka mtundu womwewo, kokhulira pamwamba pake. Miyala imeneyi amaikumba ku Belgium, m'mapiri a Ardennes, kufupi ndi tauni ya Vielsalm. Chimene chimadya chitsulo m'mwalamo ndi timiyala ting'onoting'ono ta garnet, tamtundu wa spessartine, tomwe diso silingatione. Timiyalati n'tobulungirako, tilibe nsonga zolasa ngati mchenga wa m'miyala yopangidwa kufakitale, ndiye timakanda chitsulo mosazama. Ogulitsa amakonda kuuika pa nambala 8000 (nambala ikamakula ndiye kuti mwala ndi wosalala kwambiri), koma mwala wokumbidwa pansi ulibe nambala yeniyeni. Miyala iwiri yochokera mumgodi umodzi imatha kusiyana liwiro, wina wachangu, wina waulesi. Wanga uli pakatikati.

Lumo limene ndauyesera kwambiri ndi lakale la kampani ya Heljestrand, lopangidwa ku Eskilstuna m'dziko la Sweden, lomwe ndinagula kwa munthu litakhala zaka m'kabati osagwira ndevu. Malumo a ku Eskilstuna amadziwika ndi kulimba kwa chitsulo, monganso a Thiers-Issard a ku France opangidwa ndi chitsulo cha C135, chomwe chili ndi kaboni wokwana 1.35 peresenti. Ubwino wa chitsulo chotere ndi woti chikathwa chimakhalitsa. Vuto lake n'loti chimakana mwala, ndipo ukachikakamiza ndi mphamvu sichipindika, chimabenthuka tizidutswa m'mphepete. Tizidutswa timeneto sutiona ndi maso, umatimva pachibwano.

Wina angafunse kuti mavuto onsewa n'chifukwa chiyani pomwe malezala ali mbwee m'magolosale. Ndevu zanga n'zopotana, monga za ambiri a ife. Shevala ya malezala atatu kapena asanu imakoka tsitsi n'kulidulira m'munsi mwa khungu, ndipo likamamera limapinda n'kubaya mnofu, pakhosi ponse tiziphuphu. Lumo limodzi lakuthwa bwino, loyendetsedwa motsatira kumene ndevu zagonera, linandichepetsera vutoli kwambiri. Koma lumo losathwa mokwanira limazula m'malo modula, ndipo limeneli ndi loipa kuposa shevala ija.

Tsono pamene anthu ambiri amaulakwira mwalawu ndi poyambira. Lumo lili ndi kamzere konyezimira m'mphepete, mbali zonse ziwiri, komwe onola amakatchula kuti bevel. Mbali ziwirizo zikapanda kukumana bwinobwino kuyambira kuchidendene, kufupi ndi chigwiriro, mpaka kunsonga kwa lumo, palibe mwala wosalala umene ungakupulumutseni. Mudzangopukuta chinthu chobuntha mpaka chiziwala. Ntchito yokumanitsa mbalizi ine ndimaipereka kwa mwala wa madzi wa nambala 1000, wobiriwira wa kampani ya Naniwa, ndipo pa chitsulo cholimba nthawi yambiri imathera pamenepa. Miyala yambali ziwiri ya m'mahadiweya, yonolera mipeni ndi zikwanje, isayandikire lumo. Ndi yokhakhala kwambiri, ndipo mabala amene imasiya amatenga nthawi yaitali kuwafafaniza.

Ndisanayambe ndimaonetsetsa kuti mwala uli thyathyathya. Ndimajambula mizere ya pensulo pamwamba pake, kenako ndimaukhula pa sandipepala wa madzi wa nambala 400 woyalidwa pagalasi mpaka mizere yonse itafufutika. Pamsana pa lumo ndimamata tepi yakuda ya magetsi, mzere umodzi, kuti msanawo usadyeke. Kenako ndimapaka inki ya maka pa bevel yonse. Lumo limagona pamwala msana ndi kothwa komwe, chifukwa kunenepa kwa msanawo ndiko kumasunga kupendekeka koyenera, pafupifupi madigiri 16 kapena 17 mbali zonse pamodzi. Kothwa ndiko kumatsogola, ndipo pobwerera lumo limatembenukira pamsana, osati pakamwa pake. Ndikayendetsa pang'ono ndimayang'ana inki ija. Pamene yatsalira ndiye kuti mwala sunafikepo. Pa Heljestrand wanga inkiyo inkakakamira kuchidendene, ndipo ndinayenera kuyendetsa lumo mopingasa, chidendene patsogolo, kufikira kamdima komaliza katachoka. Sindichoka pa 1000 lumo lisanayambe kumeta tsitsi la pamkono pamalo alionse a mphepete yake, popanda kukanikiza.

Apa ndiye pamene coticule amalowa, ndipo apa ndiye pokoma.

Ndimathira madzi pang'ono pamwala n'kukhula ndi kamwala kakang'ono kaja mpaka madziwo atayera ngati mkaka wosungunula. Madzi oyerawa ndi odzaza ndi garnet amene wamasuka m'mwala, ndipo ndiwo amadya chitsulo mwachangu. Ukamayendetsa lumo umamva kaphokoso ka mchenga wosalala, ndipo pakapita kanthawi madzi aja amayamba kuda. Kudako ndi chitsulo chimene chikuchoka. Pa lumo la chitsulo chofewerapo madzi amada msanga. Pa la Sweden ili amachedwa, ndipo mtima umafuna kukanikiza kuti zifulumire. Musatero. Lumo lopinda ndi lopyapyala kwambiri kumunsi, ukalikanikiza limapindika pang'ono, mphepete yeniyeniyo n'kunyamuka pamwala.

Pali chinthu china chimene wogula aliyense ayenera kuchidziwa. Madzi okhuthalawo amadya chitsulo, inde, koma timiyala toyandamamo timagundanso mphepete n'kumaibunthitsa pang'ono. Mukamalizira pa madzi okhuthala, lumo limatuluka losathwa kuposa mmene linachokera pa 1000, ndipo ambiri amautaya mwalawu pamenepa n'kumati anawagulitsa chinthu chachabe. Mankhwala ake ndi kusungunula pang'onopang'ono. Ndimadontheza dontho limodzi la madzi ndi chala, n'kuyendetsa lumo maulendo khumi kapena khumi ndi asanu, n'kudonthezanso, osathamanga. Mukasungunula mofulumira, mphepete imatsalira m'mbuyo ndipo muyenera kubwerera. Pa chitsulo cholimba gawo limeneli ndimalitalikitsa kuposa pa lumo lina lililonse. Pomaliza ndimatsuka mwala ndi lumo lomwe, n'kumaliza pa madzi oyera okhaokha, dzanja lopepuka, kulemera kwa lumo lokha. Likayandikira kupsa, limayamba kumamatira pamwala, ndipo madzi amakwera pamwamba pa mphepete m'malo mokankhidwa kutsogolo.

Kuchoka apo ndi pachikopa chonolerapo lumo. Apa msana ndiwo umatsogola, chikopa chili chokoka bwino, maulendo 50 kapena 60. Lumo lochokera pa coticule limasintha kwambiri likadutsa pachikopa, choncho musaliweruze lisanafikepo. Ena amayesa ndi tsitsi limodzi lolendewera, kuona ngati liduka likangokhudza mphepete. Ine mayeso amenewo ndimawatenga ngati chizindikiro chabe, pakuti tsitsi la anthu limasiyana, ndipo lathu lopotanali n'lovuta kuligwira mowongoka. Woweruza ndi tsaya lonyowa bwino, lopakidwa thovu.

Pametedwe ndiye ndilibe dandaulo. Lumo limadutsa m'ndevu ndi kaphokoso kouma, osakoka, ndipo pakhosi, pamene ndimavutika kwambiri, sipatentha ndikasamba madzi ozizira. Ndinayerekezapo ndi lumo lomalizidwa pa mwala wa kufakitale wa nambala 12000. Limenelo ndi lakuthwa kuposa, sindingakane, koma silikhululuka dzanja likagwedezeka pang'ono. La coticule limadula tsitsi n'kulisiya khungu. Ndipo poti chitsulo n'cholimba, ndikanola kamodzi ndimameta miyezi ndi chikopa chokha. Likayamba kukoka, madzi oyera pa coticule kwa mphindi zochepa amalibwezera m'malo mwake, osabwereranso ku 1000.

Zovuta zake zilipo. Mtengo ndi wokwera, ndipo umakwera kwambiri mwala ukamakula, n'chifukwa chake ndinasankha wopapatiza. Masentimita 4 ndi ochepa kuposa utali wa mpeni wa lumo, ndiye muyenera kuzolowera kuyendetsa mopingasa kuti mbali zonse zikhudze. Kwathu kuno sindinauonepo m'sitolo, ndi wochita kuitanitsa kunja kapena kutuma wachibale amene akubwera. Mwalawu ukagwa pa simenti wapita. Komanso umafuna kuuphunzira, pakuti malangizo a mwini coticule wina sagwira ndendende pa wanu.

Amene ali ndi lumo limodzi lomwe bevel yake ili kale bwino, mwala uwu ndi chikopa zimukwanira kwa zaka zambiri. Amene wagula lumo lakale lobuntha, makamaka la chitsulo cholimba, ayambe wagula mwala wa 1000, coticule abwere pambuyo. Mukatha kunola kapena kumeta, pukutani lumo liume, ndipo nyengo ya dzinja muzipakako kadontho ka mafuta a makina osokera, chifukwa chitsulo cha kaboni chimachita dzimbiri msanga ndipo dzimbiri limayambira kumphepete komwe mwavutikirako.