Kukwirira, kutenthetsa kapena kudontheza: njira zotetezera mjigo ndi thanki ku chisanu cha ku Canada

Munthu amene anakulira ku Dedza kapena ku Mzimba amachidziwa chisanu cha mu June ndi July, chimene chimapsereza masamba a mbatatesi m'madambo, koma sanaonepo mjigo utaleka kutulutsa madzi chifukwa choti aundana m'paipi. Kuno kum'mawa kwa chigawo cha Ontario ku Canada, kumene nyumba zambiri za kumidzi zili ndi mjigo wakewake wa pampu ya magetsi, vuto limeneli ndi la chaka ndi chaka. Madzi akaundana amafufuma pafupifupi magawo 9 pa 100 aliwonse, ndipo mphamvu imeneyo imakwana kung'amba paipi ya kopa kapena thupi la pampu. Ndikulembera abale amene mwagula kapena mukuchita lendi nyumba ya mjigo, chifukwa njira zimene mudzauzidwe ndi zambiri koma sizilingana mphamvu, ndipo kusiyana kwake kwagona pa funso limodzi lakuti kutentha koteteza madziwo kukuchokera kuti, m'nthaka kapena ku magetsi.

Madzi a pansi pa mjigo weniweniwo saundana, chifukwa nthaka ya pansi kwambiri imasunga kutentha kwake chaka chonse. Chisanu chimalowa m'nthaka kufika pamlingo winawake basi, umene kumwera kwa Ontario amauwerengera pafupifupi mita 1.2, pomwe cha ku Ottawa ndi kumpoto umazama kuposa pamenepo. Malo oopsa ndi atatu: pamene paipi ikutuluka mu mjigo, njira yake yopita ku nyumba, ndi chipinda chimene muli thanki ya mpweya ija imene imakankha madzi kuti afike ku mpopi ndi mphamvu.

Njira yoyamba, imene ine ndimaiika patsogolo pa zonse, ndi kukwirira paipi pansi pa mlingo wa chisanu ndi kuilumikiza ku mjigo ndi kachitsulo kotchedwa pitless adapter, kenako kuika thanki m'chipinda chapansi cha nyumba. Kachitsuloka kamabooledwera m'mbali mwa paipi yaikulu ya mjigo pansi pa nthaka, kotero madzi ochokera ku pampu yomira amakhota ali pansi pomwepo, osakwera kufika pamwamba pamene pali mphepo. Chimene chimaonekera kunja ndi mutu wa mjigo wokhala ndi chivindikiro, umene malamulo a Ontario amafuna kuti utalike masentimita 40 kapena kuposa kuchokera pa nthaka, ndipo m'katimo simukhala madzi. Ubwino wake ndi wakuti sidalira magetsi ngakhale pang'ono. Anthu akuluakulu a kuno amakumbukirabe mvula youndana ya mu January 1998, imene inagwetsa mapolo ndi nthambo kum'mawa kwa Ontario ndi ku Quebec mpaka midzi ina inakhala masabata angapo mumdima. Paipi yokwiriridwa bwino imapirira nthawi yotero popanda woisamalira. Kuipa kwake ndi mtengo, popeza pamafunika makina okumba ngalande ndi katswiri wa mijigo wokhala ndi chiphaso, ndipo ntchitoyi imagwirika bwino nthaka isanaume ndi chisanu, osati mu January madzi atasiya kale kutuluka.

Ngakhale njira imeneyi ili ndi pofooka pake pamene anthu ambiri saganizira. Chipale chofewa chimene chimagwa pa kapinga chimafunditsa nthaka ngati bulangete, koma pa msewu wolowera pakhomo, pamene timachikokolola ndi kupondapo ndi galimoto tsiku lililonse, chisanu chimalowa mozama kwambiri. Paipi ikadutsa pansi pa msewu wotero iyenera kuzama kuposa kwina konse, kapena kuikiridwa pamwamba pake mabolodi ofunditsa a polystyrene, olimba aja a buluu kapena a pinki. Mu mzinda wa Winnipeg, m'chigawo cha Manitoba, m'chisanu cha 2013 kulowa 2014, chisanu chinazama mpaka nyumba zoposa 2,000 zinakhala zopanda madzi ngakhale kuti mapaipi ake anali okwiriridwa mwa lamulo. Izi zikusonyeza kuti kuonjezera kuzama pang'ono pamene makina akadali pamalopo sikuwononga ndalama.

M'nyumba zakale mudzapeza njira ina yofanana nayo pa maonekedwe, ya dzenje lomangidwa ndi konkire pamwamba pa mjigo, m'mene amaika pampu ndi thanki. Dzenjelo limatetezadi ku chisanu, koma chipale chikasungunuka mu March ndi April madzi akuda amadzazamo ndi kutsikira mu mjigo, pamodzi ndi mbewa zakufa ndi zinyalala zina. Nchifukwa chake madera ambiri saloleza maenje otere pa mijigo yatsopano. Amene mwalipeza, uphungu wanga ndi wakuti mulikwiriritse ndi kuikitsa pitless adapter, m'malo motayira ndalama pa kulikonza.

Njira yachiwiri ndi nthambo yotenthetsa, imene m'masitolo amati heat cable. Imeneyi ndi ya anthu amene sangathe kukumba mozama, ndipo kuno ndi ambiri, chifukwa m'madera a thanthwe lalikulu lotchedwa Canadian Shield monga Haliburton ndi Muskoka khasu limagunda thanthwe likangolowa pang'ono. Nthambozi zilipo za mitundu iwiri, ndipo kusiyana kwake n'kofunika kukumvetsa musanagule. Yotsika mtengo imatulutsa kutentha kofanana nthawi zonse ikayaka, ndipo ikapingasana kapena kugundana yokha imatha kupsa ndi kuyatsa moto. Inayo, ya self-regulating, monga zimene amapanga a Raychem ndi a Heat-Line, imaonjezera kutentha pamalo pamene pazizira ndi kuchepetsa pamene pafunda, kotero siwononga magetsi ambiri ndipo siopsa kwenikweni ikapingasana. Zina mwa izo zimalowetsedwa m'kati mwenimweni mwa paipi ya madzi akumwa, zimene zimathandiza pamene paipi inakwiriridwa kale mosazama ndipo simufuna kufukula. Nthambo ya mamita 30 yodya mawati 10 pa mita iliyonse imatha makilowati-awa 7.2 pa tsiku ikayaka osazima, choncho ndi nzeru kuikapo thermostat, kachipangizo kamene kamayatsa ndi kuzimitsa malinga ndi kuzizira, kuikuta paipiyo ndi zofunditsa, ndi kuilumikiza ku soketi ya GFCI imene imadula magetsi akakhudzana ndi madzi. Koma magetsi akathima, chitetezo chonse chathima nawo, ndipo nthambo ikafa siilira kuti mudziwe.

Njira yachitatu ndi ya kanyumba ka pampu kotenthetsedwa, ndipo apa mpamene ine ndinaphunzirira movutikira. Nyumba imene tinalowa ili ndi chitsime chosazama ndi pampu ya jet, imene imakoka madzi kuchokera pansi osapitirira mamita 7 kapena 8, ndipo pampuyo ndi thanki yake zinali m'kanyumba ka matabwa kuseri kwa galaja. Mwini wake wakale ankadalira babu limodzi la mawati 100 lopachikidwa pafupi ndi thanki. Ine, pofuna kupulumutsa magetsi, ndinalichotsa ndi kuikapo la LED, osazindikira kuti ntchito ya babu lija sinali kuunikira ayi koma kufunditsa. M'mawa wina wa mu January kunja kuli madigiri 24 pansi pa ziro, mayi a kunyumba anatsegula mpopi kuti atereke madzi a phala la ana, ndipo munangotuluka kaphokoso ka mpweya. Nditalowa m'kanyumbako ndi tochi, thanki inali bwinobwino, paipi yaikulu sinang'ambike, koma kapaipi kakang'ono ngati chala cha mwana, kamene kamalumikiza thanki ku pressure switch, switch yoyatsa pampu mphamvu ya madzi ikatsika, kanali kolimba gwa ndi ayezi. Chifukwa cha kapaipi kameneko switch sinkamva kuti mphamvu ya madzi yatsika pansi pa mlingo wa 30 psi umene pampu imayakira, ndiye pampu sinkayaka. Ndinagwada pa simenti yozizira ndi makina oumitsira tsitsi kwa mphindi 20 mpaka ndinamva kuti tha, pampu n'kuyamba kulira. Aliyense amene zoterezi zamugwera asayerekeze kugwiritsa ntchito moto wa gasi, chifukwa nyumba zambiri zapsa ndi njira imeneyo.

M'kanyumba kotere, zotenthetsera nazo zimasiyana. Babu lakale limatha makilowati-awa 2.4 pa tsiku, koma limapsa popanda chenjezo, ndipo masiku ano likusowa m'masitolo. Nyale yofiira yofunditsira anapiye imatentha kwambiri, koma pamalo a matabwa ndi fumbi ine sindingaivomereze. Hita ya magetsi yokhala ndi mafuta otsekeredwa m'kati ilibe waya wofiira woonekera, ndipo ikalumikizidwa ku thermostat yoyaka pa madigiri 2 ndi kuzima pa madigiri 7, monga kapulagi kotchedwa Thermo Cube, imangoyaka pamene pakufunika. Komabe hita ya mawati 1,500 yoyaka theka la tsiku imatha makilowati-awa 18, ndiye makoma, denga ndi chitseko ziyenera kufunditsidwa kaye ndi kumata mipata yonse, popeza kamphepo kolowa pa kampata kamodzi kamaundanitsa paipi msanga kuposa kuzizira kwa chipinda chonse. Zofunditsa pazokha sizipanga kutentha, zimangochedwetsa kuthawa kwake.

Njira yotsiriza, ya kusiya mpopi ukudontha usiku wonse, imathandiza kwa tsiku limodzi kapena awiri a chisanu choopsa, chifukwa madzi oyenda amabweretsa kutentha kwa pansi pa nthaka m'paipi. Pa nyumba ya mjigo sindiyiona ngati njira yokhazikika. Pampu imayaka ndi kuzima kawirikawiri mpaka kutha msanga, chitsime chosazama chingaphwe, ndipo madzi ochepa oyenda pang'onopang'ono kupita ku septic tank amatha kuundana m'paipi yotayira, vuto loposa limene mumathawa. Amene mukupita kumudzi kukadya Khirisimasi ndi kusiya nyumba yopanda munthu kwa mwezi, ndi bwino kuzimitsa pampu ndi kukhetsa madzi onse m'thanki ndi m'mapaipi kusiyana ndi kudalira dontho.

Ife chilimwe chotsatira tinasamutsira pampu ndi thanki m'chipinda chapansi, tinazamitsa ngalande mpaka pamene thanthwe linatilola, ndipo pa mamita 6 pamene thanthwelo linakana tinaika mabolodi ofunditsa ndi nthambo ya self-regulating m'kati mwa paipi. Nthamboyo ndimaiyesa mwezi wa October uliwonse chisanu chisanafike, ndipo jenereta yaing'ono imakhala m'galaja ndi mafuta ake chifukwa cha mamita 6 omwewo.