Kuthamanga kapena zitsulo: njira iti imaumba thupi la mzimayi?

Njira zonse ziwirizi ndaziyesa, ndiye ndikuuzani zimene thupi langa linaona.

Yoyamba ndi imene ambirife timayambira: kudzuka mbandakucha kukathamanga, Loweruka kupita ku aerobics, nsima kuisiyiratu, madzulo kugonera tiyi ndi nthochi. Ubwino ulipo. Mtima ndi mapapo zimalimba, chitunda umakwera osapuma wefuwefu, ndipo chofunika ndi nsapato basi. Sikelo nayo imasangalatsa msanga. Koma thupi likamanidwa chakudya silisungunula mafuta okha, limadyanso minofu. Ine ndinatsika makilo 6, siketi zonse zinakhwepa, koma mikono inali lende ndipo matako anaphwa. Tsiku lina potuluka m'tchalitchi mayi wina anandikokera pambali: "Mwanawe, usandibise, ukudwala?" Ndinawondadi, koma si thupi limene ndinkalifuna. Ndipo wina akaona kuti msambo wayamba kudumpha kapena wasiya, adziwe kuti wadzimana mopitirira, apite kuchipatala.

Yachiwiri ndi kunyamula zitsulo uku ukudya mokwanira. Apa azimayi anzanga ambiri amaopa kuti aoneka ngati abambo. Mantha amenewa ndinali nawonso, koma n'ngopanda maziko. Mahomoni a testosterone, amene amatukumula minofu ya abambo, ife tili nawo ochepa kwambiri. Chimene zitsulo zimachita ndi kudzaza mapewa, kulimbitsa ntchafu ndi kukweza matako, mafupa nawo n'kumalimba, zomwe zidzatithandize msambo ukadzaleka.

Kuipa kwake, njirayi imafuna kudekha. Sikelo ikhoza kuima malo amodzi mwezi wathunthu, ndipo kusintha kumayamba kuoneka pakatha miyezi iwiri kapena itatu. Imafunanso wokuonetsa kagwiridwe koyenera, apo ayi msana ndi mawondo zimalira. Za ndalama za jimu musadandaule nazo kwambiri. Ine ndinayambira pakhonde ndi chigubu cha malita 20, chomwe chikadzaza madzi chimalemera makilo 20. Poyamba ndinkathira theka, n'kuchikumbatira pachifuwa, kunjuta ndi kudzuka kakhumi, kupuma, kubwereza katatu. Sabata iliyonse ndinkawonjezera kapu imodzi kapena ziwiri za madzi. Chinsinsi chake n'chomwecho: katundu azinka nalemera pang'onopang'ono, apo ayi minofu ilibe chifukwa chokulira.

Pa zakudya m'pamene njira ziwirizi zimasiyanirana kwenikweni. Wonyamula zitsulo amafunika mapuloteni okwana pafupifupi magalamu 1.6 pa kilo iliyonse ya thupi lake tsiku lililonse. Mzimayi wa makilo 65 ndiye kuti akufunika magalamu oposa pang'ono 100. Kodi agule ufa wa whey, mapuloteni ochokera ku mkaka amene amagulitsidwa m'masitolo? Muyezo umodzi umapereka magalamu 20 mpaka 25, sufuna kuphika, koma mtengo wake umapweteka thumba. Mazira anayi amafika pomwepo, chifukwa dzira limodzi lili ndi magalamu 6. Usipa wouma ndi soya pieces ndiye akatundu: pafupifupi theka la kulemera kwake ndi mapuloteni, ndipo usipa umadyedwa ndi minga yomwe, n'kukupatsanso kashiamu. Nyemba ndi zabwino koma zimakhutitsa msanga usanafike pa muyezo. Mtedza samalani nawo. Mapuloteni alimo, koma pafupifupi theka lake ndi mafuta, ndiye kuubwira uku mukucheza kungabweze zonse zimene mwakhetsera thukuta. Kwa ine whey ndi wa munthu wosowa nthawi yophika, osati wosowa chakudya.

Nsima sindinaisiyenso. Ndimadya mtanda umodzi wa mgaiwa m'malo mwa itatu, ndiwo n'kuchuluka, masamba a nkhwani kapena bonongwe osasowa, mafuta ophikira ndi supuni osati kungokhuthula m'botolo. Tsiku la zitsulo ndimayamba ndadya mbatata. Tiyi wochepetsa thupi ndi malamba omanga pamimba sindiwaika n'komwe pa mpikisanowu: tiyi wambiri wotere amangotsegula m'mimba, lamba amangotulutsa thukuta.

Ndiye ndisankhe iti? Ngati cholinga ndi thupi lolimba looneka minofu, zitsulo zikhale patsogolo, katatu pa sabata, kuthamanga kukhale kothandizira. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza mphindi zosachepera 150 pa sabata za masewera opumitsa mofulumirirako, kuphatikizapo masiku awiri olimbitsa minofu, choncho kuyenda ndawala kupita kumsika n'kubwerako kumawerengedwa. Sikelo ndinaibweza pansi pa bedi. Pano ndimadziyeza ndi tepi ya telala kamodzi pa mwezi, m'chiuno ndi m'ntchafu, ndipo chigubu chija ndimachinyamula chodzaza.