Ulendo wa Aphunzitsi wokaona zida za nkhondo ku Saxonwold: kodi R180 ndi yoyenera?

Pali abambo ena ochokera cha ku Ntcheu amene akumatenga Amalawi a kuno ku Joni, Lamulungu lomaliza la mwezi, kupita nawo kunyumba yosungirako zida za nkhondo ku Saxonwold n'kumakawafotokozera zonse m'Chichewa. Kumudzi ankaphunzitsa mbiri kusekondale. Kuno amayendetsa galimoto yoperekera penti m'mashopu, koma aliyense amangowaitana kuti Aphunzitsi. Mtengo wake ndi R180 munthu mmodzi, kuphatikiza teksi yonyamukira pafupi ndi Park Station, tikiti yapakhomo ndi chakudya chamasana. Anzanga a ku Rosettenville akhala akundifunsa ngati n'koyenera kutayirapo tsiku lopuma. Ine ndati pitani, bola mudziwiretu kuti ndalama yanuyo mukugula pakamwa pa Aphunzitsi. Zina zonsezo n'zapakatikati.

Teksi anati inyamuka 9 koloko, koma tinachoka 10 itadutsa kalekale, kudikira banja lina lochokera ku Tembisa. Dalaivala anatsegula nyimbo zauzimu mpaka magalasi kunjenjemera, moti zimene Aphunzitsi ankalankhula m'njira anamva ndi a mpando wakutsogolo okha. Chakudya chinali mpunga ndi kanthuli ka nkhuku m'timabokosi toyera, chophikidwa m'bandakucha, pofika nthawi yodya chinali chitazizira kuti zii. Masamba panalibe. Zodandaula zanga pa mbali ya ulendo zathera pamenepo.

Malowa dzina lake ndi Ditsong National Museum of Military History, ali mumsewu wa Erlswold Way, kuseri kwa Johannesburg Zoo. Anatsegulidwa mu 1947 ndi Jan Smuts, nduna yaikulu ya South Africa panthawiyo. Munthu ukhoza kupitako wekha, palibe angakuletse, ndipo ukaona ndege ya Ajeremani ya Me 262, Spitfire ya Angelezi, akasinja, mizinga, mayunifomu ndi mamendulo. Koma chitsulo sichilankhula, ndipo ambirife tikalowa tokha timangojambula zithunzi n'kutuluka mutu uli mmene unalili. Aphunzitsi pandegezo sanachedwepo. Anasiya ana kuti akhutitse maso, kenako anatitengera ku chipilala chachikulu cha miyala chokumbukira nkhondo ya Angelezi ndi Mabunu.

Pamenepo anangofotokoza mwachidule. Asilikali a Angelezi otsogozedwa ndi Lord Roberts analowa mu Johannesburg pa 31 Meyi 1900, ku Pretoria pa 5 Juni, ndipo ku London anthu anaona ngati nkhondo yatha. Mabunu aja anangogawikana m'timagulu ta pa akavalo, motsogozedwa ndi anthu ngati Christiaan de Wet ndi Koos de la Rey, n'kumadula njanji ndi kubisalira ngolo za chakudya. Nkhondo inapitirira mpaka pa 31 Meyi 1902. Pofuna kuwakhaulitsa, Kitchener, mkulu wa asilikali a Angelezi amene analowa m'malo mwa Roberts, anawotcha mafamu n'kusonkhanitsa amayi ndi ana m'misasa, momwe anafa opitirira 26,000, kuwonjezapo anthu akuda zikwizikwi amene anafera m'misasa yawoyawo. Ku Britain anthu wamba anadzamva bwinobwino za imfazi pamene Emily Hobhouse anabwerera kwawo mu 1901 n'kuulula zimene anaona ndi maso.

Pomwe ndinaona kuti ndalama yanga sinapite pachabe m'pamene tinaima pa galimoto yankhondo yotchedwa Eland. Ndi kanthu kakang'ono, ka matayala anayi, kokwera anthu atatu, koma kosenza mfuti yaikulu pamwamba moti umadabwa kuti sikagubuduzika ikalira. Aphunzitsi anavula chipewa, n'kutiuza kuti tiyandikire tione kuchepa kwa chitseko chake, kenako anafunsa kuti ndani mwa ife akudziwa kuti dziko lino linalowa m'dziko la Angola ndi nkhondo mu 1975. Tinangoyang'anana. Iwo anati musachite manyazi, ngakhale makolo a anyamata amene ankamenya nkhondoyo sankadziwa.

Nkhani yake inayenda chonchi. Apwitikizi ankachoka ku Angola, ufulu unali woti uperekedwe pa 11 Novembala 1975, ndipo magulu atatu ankalimbirana dzikolo: MPLA ya Agostinho Neto, FNLA ya Holden Roberto ndi UNITA ya Jonas Savimbi. Boma la tsankho la John Vorster, nduna ya chitetezo ili P.W. Botha, silinkafuna kuti MPLA itenge Luanda. Ndiye mu Okotobala anatumiza asilikali kudzera ku South West Africa, yomwe lero ndi Namibia, pa ntchito yachinsinsi imene anaitcha Operation Savannah. Anyamata anavula yunifomu yawo yodziwika n'kuvala zobiriwira zopanda chizindikiro. Poyamba zinkayenda ngati masewera. Gulu lina linayenda makilomita opitirira 3,000 m'masiku 33, likulanda matauni monga Benguela ndi Lobito.

Kenako zinthu zinatembenuka. Cuba inatumiza asilikali ake mu Novembala, ndipo iwo anaphwasula milatho ya pa mtsinje wa Queve. Mvula inayamba. Eland ija, yomwe pamsewu wouma imathamanga bwino, inayamba kutitimira m'matope, ndipo pa nkhondo ya ku Ebo pa 23 Novembala zingapo zinawonongedwa zili chotitimira. Mizinga imene asilikali a kuno anali nayo inali ya m'nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, pomwe anzawo anali ndi BM-21 ya ku Russia, lole yokhala ndi mipope 40 yolavula mabomba ofika makilomita 20. Aphunzitsi anati zinali ngati kugendana ndi munthu wa legeni iwe uli ndi dzanja lokha. Mafuta ndi zipolopolo zinkachokera kutali kwambiri, misewu ili yoterera. Mu Disembala aphungu a ku America anadula thandizo lachinsinsi limene dziko lawo linkapereka kwa adani a MPLA, ndipo pofika pa 27 Malichi 1976 asilikali a South Africa anali atabwerera. Mzinga wa G5 umene dziko lino linadzatchuka nawo pambuyo pake unabadwa chifukwa cha manyazi amenewo.

Nthawi yonseyi nyuzipepala za kuno zinali zomangidwa pakamwa. Lamulo la chitetezo la 1957 linkaletsa kusindikiza chilichonse chokhudza mayendedwe a asilikali popanda chilolezo cha nduna. Mtolankhani wa Reuters, Fred Bridgland, anaulula nkhaniyi mu Novembala 1975, dziko lonse lapansi linawerenga, koma mayi wa ku Boksburg kapena ku Germiston ankangouzidwa kuti mwana wake ali kumalire. Mu Disembala a MPLA anaonetsa kwa atolankhani asilikali achizungu a South Africa amene anawagwira mkati mwa Angola, boma likukanabe. Wailesi ya kanema nayonso kuno kunalibe, inadzayamba mu Januwale 1976.

Apa amayi ena a ku Mulanje, amene anali chete ulendo wonse, anadula Aphunzitsi pakamwa.

"Aphunzitsi, nanga si zomwezo kwathu? Achimwene anga anapita kukalondera njanji ya ku Nacala nthawi ya RENAMO. Pawailesi munkamva chiyani? Ife timamva kwa anthu obwera pabasi."

"Mwanena zoona, mayi," anatero iwo. "Inuyo mwaphunzitsa bwino kuposa ine."

Ndipo anasiya zimene anakonza n'kutsata njira ya mayiwo. Asilikali a Malawi anayamba kulondera njanjiyo mu 1987. Wailesi m'dziko inali imodzi, lamulo loyang'anira mabuku ndi zosangalatsa la 1968 lili pamutu, ndipo amene ankafuna kumva za nkhondo ya ku Mozambique ankatsegula BBC motsitsa mawu, zitseko atakhoma. Anabwereranso m'mbuyo mpaka 1914. Nkhondo ya ku Karonga itachitika mu Seputembala, John Chilembwe analemba kalata ku Nyasaland Times mu Novembala, kudandaula kuti anthu osauka akufera nkhondo yosakhala yawo, ndipo boma la atsamunda linaletsa kuti kalatayo ifalitsidwe. Pa 23 Januwale 1915 mukudziwa chimene chinachitika. Ine nkhope ya Chilembwe ndaigwira pandalama kwa zaka zambiri, koma za kalatayi ndinazimvera ku Saxonwold, nditaima pambali pa galimoto yankhondo ya Mabunu. Luso lotere silipezeka ndi aliyense, lomvera munthu wamba n'kulumikiza nkhani yake ndi mbiri yaikulu popanda kumuchititsa manyazi.

Mnyamata wina wogwira ntchito yaulonda ku Midrand anafunsa za Ukraine, ndipo ndinaopa kuti pabuka mkangano, poti pagulupo panali okonda Putin ndi odana naye. Aphunzitsi anangoyala zimene zikudziwika. Russia inalowa pa 24 Febuluwale 2022. Mu Malichi inakhazikitsa lamulo loti wofalitsa nkhani imene boma likuti ndi yabodza yokhudza asilikali akhoza kukhala kundende mpaka zaka 15, ndipo nkhondoyo ankaitchula kuti ntchito yapadera ya asilikali. Mdipiti wautali wa magalimoto ankhondo unaima kumpoto kwa Kyiv osasuntha, ndipo pofika kumayambiriro kwa Epulo asilikaliwo anali atachoka m'deralo. Anawonjeza kuti nalonso boma la Ukraine limasefa nkhani za kunkhondo, makamaka za chiwerengero cha asilikali ake ofa. Atatero anati tiyeni tikadye.

Komabe pali pomwe sindinagwirizane nawo. Akafika pa Cuba amalankhula ngati akunena za angelo, osatchula kuti nkhondo ya ku Angola inapitirira mpaka 2002, chaka chimene Savimbi anaphedwa, ndipo kuti anthu wamba anazunzika m'manja mwa mbali zonse. Chachiwiri, uthenga woitanira anthu ulendowu umalonjeza za omenyera ufulu a m'tchire, koma SWAPO ya ku Namibia ndi uMkhonto we Sizwe, gulu lankhondo la ANC, anangowakhudza pang'ono tikuyang'ana kale kuchipata. Anangoti nkhondo ya ku Namibia inayambika pa 26 Ogasiti 1966 ku Omugulugwombashe, ufulu n'kubwera pa 21 Malichi 1990, basi. Mmene anthuwo ankawolokera malire wapansi, mmene ankatcherera mabomba m'misewu ya mchenga, mmene anthu a m'midzi ankawapatsira chakudya usiku n'kumenyedwa masana, zonsezo sanazifike. Ola limene tinataya pa Park Station ndi lomwe likanakwanira nkhani imeneyi, ndipo ndinawauza pamaso. Anavomera, anati kuyambira mwezi wamawa wochedwa azitsatira yekha pa Uber.

Ana osakwana zaka 10 amatopa msanga, chifukwa pamakhala kuimirira kwambiri ndipo zida zina zili panja padzuwa. Tengani chipewa, madzi ndi buledi wanu. Malo mu teksi ndi 15 okha, ndipo amalembetsa kudzera m'magulu a WhatsApp a mipingo ya Amalawi, kulipira ndi pomwepo musanakwere. Mwezi wamawa akuti adzayambira pa Job Maseko, wa ku Springs amene anapita kunkhondo yachiwiri ya padziko lonse osaloledwa kugwira mfuti chifukwa cha khungu lake, n'kugwidwa ku Tobruk mu Juni 1942, kenako n'kumiza sitima ya adani padoko ndi bomba limene anapangira m'chitini. Amene mudzapite mudzawakumbutse za SWAPO nthawi isanathe.