Mamasiki ndi abwino, koma wogulitsayo anandinamiza

Ndapereka nyenyezi zitatu. Ziwiri zinazo ndachotsa chifukwa cha bambo wa pakauntala uja.

Tsiku limene fakitale ya mapulasitiki ya kufupi ndi kwathu inapsa, utsi unkalowabe m'nyumba ngakhale tinatseka mawindo n'kuika matawulo onyowa m'munsi mwa zitseko. Ndinathamanga kukagula bokosi la mamasiki a N95. Za mtengo sindinena, nonse mukudziwa mmene unakwerera tsiku limenelo.

Ndinafunsa mwaulemu kuti, "Bambo, kodi amenewa ateteza ku utsi umenewu?" Iwo maso ali pa foni, amvekere, "Mayi, mukangovala palibe cholowa, ngakhale fungo." Ine n'kukanena zomwezo kunyumba. Amuna anga anavala imodzi n'kutuluka kukathandiza aneba kusuntha katundu, ola lathunthu ali mu utsi wakuda bii. Pobwera mutu ukuwaza, chizungulire, maso ali psuu. Kuchipatala namwino sanatibisire. Anati N95 imagwira tinthu ting'onoting'ono ta mu utsi, 95 pa 100 tilitonse, koma mpweya wapoizoni ngati carbon monoxide umangodutsa. Anawonjezera kuti ndevu zawo zija zinkasiya mpata m'masaya, ndiye utsi unkalowera pomwepo. Wogulitsa uja akanandiuza zoona pogula paja, bwenzi nditawaletsa amuna anga kutuluka.

Si zokhazo. Pansi pa bokosi ndinapezamo mamasiki anayi a zingwe zokoleka m'makutu, opanda chizindikiro cha NIOSH (bungwe la ku America lovomereza mamasiki a N95), pomwe N95 yeniyeni zingwe zake ziwiri zimazungulira kumutu. Nditabwerera nawo, yankho linali lakuti katundu wotsegula sabwezedwa. Nanga munthu angaone bwanji zapansi osatsegula?

Komabe enieniwo sindingawanyoze. Utsi unakhalapo masiku angapo, ndipo ndikatuluka pang'ono ndinkavala. Pofika madzulo kunja kwa masiki kunkakhala kotuwa ndi mwaye, mkati muli mbee. Kukanda kwa pakhosi kuja kunachepa. Chofunika ndi kufinya kachitsulo ka pamphuno mpaka kagwire, kenako kuphimba ndi manja n'kupumira kunja. Magalasi akachita nthunzi ndiye kuti mpweya ukuthawira pamwamba, konzaninso. Mwana wanga wamng'ono sinamukwane, nkhope yake ndi yaing'ono, choncho ankangokhala m'chipinda chotseka.

Amuna anga anachira, ndevu anameta. Bokosi lina ndagula kale, koma kwina, ndipo ndinawerenga imodziimodzi ndisanapereke ndalama.